Zala pa Galasi

Madzulo aliwonse, ndisanakhome sitolo ya a Mkwapatira,
ndimapukuta nkhope ya tabuleti yachionetsero,
ija tinaimanga ndi waya pakauntala
ngati mbuzi yozolowera m'dimba la eni.
Koma ndimayamba ndaipendeketsa pansi pa babu,
ndipo Lizulu yense amaoneka pagalasipo:
chala cha mafuta a chipisi,
chala cha dothi la mbatatesi za ku Tsangano,
chala cha kondakitala wofunsa mtengo tsiku la msika lililonse
n'kuseka ngati ndamutukwana.

Kuno ukangodumpha msewu kukagula buledi
foni imakulonjera ngati mlendo wa dziko lina.
Timagulitsa matchaja, mamemore, masola a pa denga la udzu,
mawayilesi olira kuposa msinkhu wawo.

Pakati pa zala zonsezo panali kena kakang'ono,
konunkhira kabichi wonyowa.
Zelifa. Sitandade faifi. Ankafika cha m'ma fili,
yunifolomu ili m'kati mwa juzi ya amake,
mphuno ikuchucha ndi chisanu cha Juni.
"Achimwene, ndingogwirako pang'ono."
Anapeza yekha ka apu ka masamu
kokhala ndi kambalame kachikasu koimba ukakhoza.
Dzina analemba ZELIFAA, chala chitaterereka,
ndipo sanafune kuti ndikonze.
Ndinkaima pakhomo ngati ndikuona mabasi a ku Lilongwe
chikhalirecho ndikulondera njinga yamoto ya abwana.
Kumbuyo kwanga kambalame kaja, tswii! tswii!
Gawo lachisanu. Lachikhumi.
Pa samu zogawa zotsala anakakamira milungu iwiri,
akuluma kolala, akutukwana chapansipansi.

Lolemba lina abwana anabwera akuwerenga nkhani pafoni.
Akuti kwatuluka ina, yopyapyala ngati lezala,
makamera atatu, batire logona masiku awiri.
"Iyi yakalamba. Tsitsa mtengo, ichoke."
Yakalamba! Miyezi isanu ndi inayi yokha.
Nsapato ndavalazi zaona zisankho ziwiri.

Anagula a Gwaza, opikula tomato wa ku Limbe,
ndalama inalowa pafoni, ngwe, osaigwira n'komwe.
"Mufufute zonse, mphwanga, ndikufuna ikhale ngati ya m'katoni."
Ndinalowa kuseri kwa mashelefu.
Nyenyezi makumi anayi ndi ziwiri pansi pa dzina la ma A awiri.
Tabuleti inandifunsa m'Chingerezi
ngati ndatsimikizadi.
Zaka zitatu ndili muno,
palibe china chinandifunsapo zimenezo.
Ndinadina.
Kagudumu kanazungulira, kanazungulira,
kenaka galasi linati moni ngati sitinaonanepo.

Mawa lake, fili koloko, uyo.
Anaona waya uli lende pakauntala, wopanda mbuzi.
Sanalire. Ana a pamsika salira pamaso pa wogulitsa.
Anangoti, "Inapita zingati?"
Ndinamuuza: K185,000.
"Amayi kabichi wamkulu akuchita K700."
Anapumira mpweya pagalasi la kauntala
mpaka linachita nkhungu ngati phiri m'mamawa,
n'kuyamba kulemba ndi chala,
kutsitsa nambala, kufufuta ndi chigongono, kutsitsanso.
Panja lole inali kulira ndi matumba a anyezi.
"Makabichi 264," anatero.
"Kutsala K200."

Ndinatenga kakyuleta ya m'dirowa.
Anakhoza.
Tonse tinakhala chete kanthawi,
ngati tikudikira wina woti aimbe.
Ndinayesa kaluzu, milomo inali youma ndi mphepo,
kanatuluka kamphepo chabe.
Anaseka, nakoka juzi, nathamangira kwa amake
amene anali kukuwa za chenje.

Usiku umenewo ndinasesa, ndinawerenga mamemore,
ndinalemba m'buku kuti tabuleti imodzi yatuluka.
Nsalu inali m'manja.
Nkhungu inali itauma kale pakauntala
koma ukapendeka mutu pansi pa babu
samu yonse inkaoneka, mpaka yotsalayo.
Ndinazimitsa magetsi.
Abwana adzakalipa m'mawa kuti galasi ndi lakuda.